ZENERA LABWINO NDI LIMENE LIGONA CITSEGULIRE

Mpunga ukakololedwa ndi thonje likagulitsidwa, m'midzi ya m'boma la Chama mumayamba kumveka kulira kwa nyundo. Ndiyo nyengo imene mlimi amagwira ndalama m'manja, ndipo ambiri maganizo ao amathamangira ku nyumba. Wina afuna kufolera ndi malata, wina aumba njerwa ndi kuziocha, wina wangonena mumtima kuti caka cino ndicotse kabowo kamdima kaja pakhoma ndiikepo zenera lenileni. M'maiko a mafumu athu, Mfumu Yaikulu Kambombo, Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Lundu ndi Mulilo, nyumba za njerwa zirikuculuka caka ndi caka, ndipo ici ncinthu cokondweretsa.

Komatu zenera si cinthu cogula mothamanga monga mcere. Likalowa m'khoma limakhalamo zaka zambiri, ndipo m'dziko lotentha monga lathu zenera losankhidwa molakwa likhoza kusandutsa nyumba yokongola kukhala uvuni, kapena kuisandutsa bwalo la udzudzu. Cotero musanapereke ndalama zanu kwa mmisiri kapena kwa mwini sitolo, dzifunseni funso limodzi ili: kodi zenera limeneli ndingathe kulisiya citsegulire usiku wonse, ine ndi ana anga nkugona mosaopa udzudzu kapena mbala? Zonse zimene zalembedwa pano zatsamira pa funso limeneli.

NCHITO ZOLIMBANA

Zenera liri ndi nchito ziwiri zimene zimakokana. Yoyamba ndiyo kulowetsa: kuwala kwa dzuwa ndi mphepo yabwino zilowe, utsi, fungo ndi kutentha zituluke. Yaciwiri ndiyo kuchinga: udzudzu, nchenche, njoka, fumbi, mvula ndi munthu wa zala zazitali zikhale kunja. Mukalitseka mwapambana pa nchito yaciwiri koma mwalephera yoyamba. Mukalitsegula mwapambana yoyamba koma mwataya yaciwiri.

Makolo athu anasankha kuchinga. Nyumba yao inali ndi kabowo kakang'ono, ndipo nthawi zina kanalibe nkomwe. Iwo sanali opusa iai, pakuti nyumba ya udzu imapuma yokha: mphepo imadutsa m'denga ndi pampata umene umatsala pakati pa khoma ndi denga. Koma nyumba ya njerwa zoocha, yomatidwa ndi simenti ndi kufoleredwa ndi malata, siipuma motero. Mphuno zace ndi mazenera basi. Amene wasintha denga ndi makoma koma nasunga kabowo ka makolo wadzimangira ndende yotentha.

Anthu a ku England anaphunzira zimenezi movutika. Kuyambira m'caka ca 1696 boma lao linali kukhometsa msonkho powerenga mazenera a nyumba, ndipo ambiri anatseka mazenera ao ndi njerwa kuti athawe msonkhowo. Nyumba za osauka zinasanduka zamdima ndi zopanda mphepo, madokotala anadandaula kuti matenda alikuculuka, mpaka msonkhowo unathetsedwa mu 1851. Ife palibe wotikhometsa msonkho wa zenera, komabe yendani m'midzi muone mazenera angati amene atsekedwa ndi njerwa, masaka ndi makatoni.

CIGWA COTENTHA

Boma la Chama, limene linabwerera ku Cigawo ca Kum'mawa mu 2021 litakhala m'cigawo ca Muchinga kuyambira 2011, mbali yace yaikulu iri m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa. Cigwa cimatentha kupambana kumtunda kwa Lundazi ndi Chipata. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kutentha kwa masana m'cigwa ca Luangwa kumafika madigiri 40. Malata amamwa dzuwa tsiku lonse, njerwa nazonso zimasunga kutenthako ndi kukutulutsa pang'onopang'ono usiku, nthawi imene anthu afuna kugona.

Pamenepo banja limacita cimodzi mwa zinthu zitatu. Ena amatenga mphasa nakagona pakhonde. Ena amatsegula citseko ndi mazenera opanda cochinga ciriconse. Enanso amagona m'kati, koma ukonde wa udzudzu amaupinda nanena kuti ukuwonjezera kutentha. Njira zonse zitatuzi zimampereka munthu kwa udzudzu. Ndiye cifukwa cace kuno nkhani ya kutentha ndi nkhani ya malungo ndi nkhani imodzi, ndipo zimakomana pa zenera.

ZIMENE AKATSWIRI ANAPEZA

Mu 1897 dokotala wina wa ku Britain, Ronald Ross, alikugwira nchito ku India, anatsimikiza kuti tizirombo ta malungo timakhala m'thupi la udzudzu. Patangopita zaka ziwiri, dokotala wa ku Italy, Angelo Celli, anayamba kuika waya wa sefa pa mazenera ndi zitseko za nyumba za anthu ogwira nchito pa njanji pafupi ndi mzinda wa Rome. M'nyumba zochingidwazo odwala malungo anali owerengeka, pamene m'nyumba zosachingidwa ambiri anadwala.

Nzeru imeneyi inayesedwanso muno mu Africa. Ku Gambia akatswiri anatsata nyumba 500, ndipo zimene anafalitsa mu 2009 zinaonetsa kuti m'nyumba zoikidwa sefa udzudzu wolowa unacepa ndi pafupifupi theka, ndiponso ana osowa magazi m'thupi anacepa kwambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2021 kuti kuchinga nyumba ndi sefa ndi njira yothandizira kulimbana ndi malungo.

Phunziro lotiyandikira kwambiri linacokera ku boma la Nyimba, m'cigawo cathu comwe cino. Kumeneko nyumba 400 zinaikidwa sefa pa mazenera ndi pa zitseko kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020. Patapita zaka ziwiri ofufuza anabwerera nafika pa nyumba 321. Anapeza kuti pa mazenera 10 alionse, 9 sefa yace inali yamphumphu. Koma ya pa zitseko yambiri inali itang'ambika kapena kucotsedwa, makamaka mbali ya pansi, ndipo eni nyumba anachula mbuzi, dzimbiri ndi ana monga zoononga zazikulu. Tanthauzo lace nlakuti sefa ya pa zenera ndi ndalama yosatayika, pamene ya pa citseko ifuna thabwa kapena lata kumunsi kwace kuti ipirire.

Udzudzu wa malungo umaluma makamaka usiku, ndipo umatsata fungo la anthu ogona. Ukafika pakhoma umakwera m'mwamba kufuna polowera, nupeza mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Cotero amene aika zenera labwino koma nasiya mpata umenewu ali ngati munthu womanga khola lolimba koma osatseka cipata.

ZENERA LA MATABWA

Tsopano tione mitundu ya mazenera imene munthu wa ku Chama angasankhepo. Loyamba ndi la matabwa, lotseguka monga kacitseko. Ubwino wace ngwakuti kalipentala wa m'mudzi momwemo akhoza kulipanga ndi kulikonza, liribe galasi loti lisweke pa njira, ndipo likatseguka mphepo imalowa pa bowo lonse. Thabwa silitenthanso ndi dzuwa monga citsulo.

Kuipa kwace nkwakuti likatsekedwa m'nyumba mumagwa mdima wa ndiweyani ndipo mphepo imaima. Koma ici ciri ndi mankhwala ace. Uzani kalipentala kuti m'felemu aikemo zitsulo zochinga mbala, akhomerepo sefa, ndipo kacitseko ka matabwa kakhale kunja. Motero kacitsekoko mudzakatseka pokhapokha pa mvula ya mkuntho, pa fumbi kapena pocoka pa mudzi. Mmisiri waluso angathenso kupanga kacitseko ka timatabwa topendekera pansi tosiya mipata, kotero kuti ngakhale katatsekedwa mphepo imadutsabe.

Mdani wa matabwa ndi ciswe ndi cinyezi. Mlombwa, umene ambiri aucha mukwa, ndiwo mtengo wodziwika pa nchito imeneyi, pakuti ciswe siciukonda ndipo supindika msanga. Koma thabwa liyenera kukhala louma bwino. Laliwisi limafota liri m'khoma, nilisiya ming'alu imene udzudzu udzaipeza inu musanaione. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango la 2015 lifuna cilolezo ca a Dipatimenti ya Nkhalango pa kudula ndi kuceka mitengo yogulitsa. Gulani kwa amene ali ndi mapepala, kuopa kutaya matabwa ndi ndalama zomwe.

ZENERA LA CITSULO

Ili ndilo lofala pa masukulu, pa zipatala ndi pa nyumba zambiri za pa boma. Ciswe siciligwira, moto sulinyeketsa, ndipo zitsulo zochinga mbala amaziwocherera pomwepo. Magalasi ace amakhala ang'onoang'ono, cotero limodzi likasweka mugula limodzi lomwelo.

Mafelemu a ku fakitale ali ndi miyeso yokhazikika. M'lifupi mwace amakhala pafupifupi theka la mita, mita imodzi, mita ndi theka, kapena mamita awiri. Amene dzina lao liyamba ndi malembo a ND ndi aatali pafupifupi masentimita 125, ndipo ndiwo oyenera cipinda cogona ndi pabalaza. A NE ndi aafupi, pafupifupi masentimita 65, oyenera bafa ndi nyumba yosungiramo katundu.

Pogula yang'anani mbali zimene zimatseguka. Mafelemu ena ngaakulu pooneka, koma kotseguka nkambali kamodzi kokha, kwina konse ndi galasi lomatidwa limene lilowetsa dzuwa koma osalowetsa mphepo. Sankhani lokhala ndi mapiko awiri otseguka, ndiponso kazenera kakang'ono ka pamwamba kotsegukira kunja, kamene kangakhale kotsegula ngakhale mvula irikugwa.

Popeza mapiko a zenera lotere amatsegukira kunja, sefa iyenera kukhala m'kati, yokhomedwa pa kafelemu kace ka matabwa kokhala ndi mahinji kuti dzanja lithe kufika pa cogwirira. Ambiri amaiwala zimenezi, nakhomera sefa kunja, ndipo zenera silitsegukanso. Ngati mwapita kwa wowocherera wa pa msika m'malo mogula la ku fakitale, yesani felemuyo ndi cingwe kucokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, kenaka yesaninso mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, felemuyo njopotoka, ndipo sidzatsekeka bwino masiku ace onse. Onaninso kuti citsulo ncokhuthala, ndi kuti capakidwa utoto wofiira uja wochinga dzimbiri.

ZENERA LA MA LOUVRE

Ili ndi lija la magalasi aatali opyapyala osanjikizana mopingasa, amene amatseguka onse pamodzi mukakoka kacitsulo ka m'mbali. Pa nkhani ya mphepo palibe lolipambana, pakuti pafupifupi bowo lonse limatseguka, ndipo magalasiwo mukhoza kuwapendeka kuti mvula yowaza igwere kunja mphepo irikulowabe. Sefa imakhomedwa kunja kamodzi kokha, osafuna kuitsegula, cifukwa cogwirira ciri m'kati.

Zofooka zace nzitatu. Mbala imatha kusolola magalasiwo limodzilimodzi popanda phokoso, cotero zitsulo zochinga nzosapeweka. Caciwiri, silitsekeka ndithu, ndipo fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala ndi cisanu ca mu Juni zimapeza njira. Cacitatu, tizitsulo togwira magalasi timacita dzimbiri ngati simutidontheza mafuta. Koma kwa munthu wa m'cigwa, amene miyezi yotentha imamculukira kuposa yozizira, zenera limeneli liyenera kuganiziridwa bwino.

ZENERA LA ALUMINIYAMU

Masiku ano nyumba zatsopano za m'matauni ziri ndi mazenera onyezimira a aluminiyamu, a magalasi aakulu okankhira cam'mbali, nthawi zambiri akuda kapena obiriwira. Ngokongola ndithu, sacita dzimbiri ndipo safuna utoto. Acinyamata obwera ku Lusaka ndi ku Chipata amawasirira, nafuna kuwaikira makolo ao kumudzi. Koma paja akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Zenera lokankhira pambali limatseguka theka lokha, pakuti galasi lina limangobisala kumbuyo kwa linzace. Mwalipira zenera lathunthu koma mphepo mwalandira ya theka. Kanjira kamene galasilo limayendamo kamadzaza fumbi ndi mcenga, timagudumu tace timatha, ndipo wokonza sapezeka m'mudzi. Galasi lace lalikulu likasweka ndi mpira wa ana, lina liyenera kucokera kutali, ndipo kucokera ku Chipata kufika ku Chama ndi makilomita oposa 300. Galasi lonyezimira ngati kalirole limakubisani masana okha. Usiku mukayatsa nyale, wa kunja ndiye amakuonani bwino inu osamuona. Mazenera otere ayenera nyumba ya magetsi yokhala ndi makina opemerera mphepo. Ngati mtima wanu wakakamira pamenepo, umirirani kuti likhale ndi cigawo cacitatu ca sefa coyenda m'kanjira kace.

NJERWA ZA MABOWO

Pa khichini, pa cimbudzi ndi pa bafa simufunika galasi. Njerwa za mabowo, kapena njerwa wamba zosanjidwa mosiya mipata, zimalowetsa mphepo usana ndi usiku, sizibedwa ndipo sizisweka. Ziikeninso pamwamba pa zenera lirilonse ndi pa nsonga za makoma pansi pa denga, pakuti mpweya wotentha umakwera m'mwamba ndipo ufuna potulukira. Koma bowo lirilonse la nyumba yogonamo likhale ndi sefa kumbuyo kwace.

Nkhani ya utsi isacepetsedwe. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amai ophika ndi ana a kumsana. Mbaula ya makala nayo imatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Kulowetsa mbaula m'cipinda cotsekedwa m'mwezi wa Juni kwagonetsa anthu ambiri tulo tosadzuka nato. Cifuwa cacikulu ca TB naco cimayenda ndi mpweya, ndipo cimafala msanga m'cipinda cimene mphepo siisintha.

KUKULA KWACE NDI POLIIKA

Muyeso umene omanga nyumba amatsata m'maiko ambiri ngwakuti mazenera a cipinda akhale osacepera gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa cipindaco, ndipo theka lace likhale lotseguka. Cipinda ca mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali cifuna zenera la pafupifupi mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 120 m'litali. Umenewu ndi muyeso wocepetsetsa. Popeza sefa imacepetsako mphamvu ya mphepo, kuno ku cigwa nkwabwino kupitirirapo.

Mazenera awiri apakati oikidwa pa makoma osiyana apambana limodzi lalikulu. Mphepo siilowa m'cipinda cimene iribe potulukira, monga momwe simungauzire mpweya m'botolo. Ngati cipinda ciri ndi khoma limodzi lokha loyang'ana kunja, siyani mpata pamwamba pa citseko ca m'kati kuti mphepo idutse nyumba yonse. Zenera la cipinda cogona lisakwere kwambiri: liyambire pafupifupi masentimita 90 kucokera pansi, kuti kamphepo kadzipita pa bedi.

Yang'ananinso njira ya dzuwa. Kuno kwathu dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni mu Okutobala ndi mu Febuluwale, ndipo mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto. Cotero makoma a kumpoto ndi kum'mwera ndiwo abwino kuikapo mazenera aakulu. M'miyezi yotentha denga lotulukira kunja limawapatsa mthunzi, ndipo m'miyezi yozizira la kumpoto limalandira kadzuwa kofunditsa. Zenera loipitsitsa ndi lalikulu la galasi loyang'ana kumadzulo, pakuti limamwa dzuwa lonse la masana nilisungira inu usiku. Ngati simungalipewe, licepetseni, limangireni khonde, kapena bzalani mango mbali imeneyo. M'cilimwe mphepo imakonda kucokera kum'mawa ndi kum'mwera cakum'mawa. Ipatseni polowera, koma cimbudzi ndi khola zisakhale mbali imene icokera.

POCOTSA LAKALE

Nchito imeneyi njoyenera miyezi yopanda mvula, kuyambira Meyi kufika Seputembala, pamene makoma ngouma ndi miseu njopitika. Yesani bowo lakale malo atatu m'lifupi ndi malo atatu m'litali, ndipo tengani muyeso waung'ono. Gulani felemu coyamba, khoma muboole pambuyo. Ambiri aboola khoma coyamba, ndipo agona milungu ingapo ndi bowo lophimbidwa ndi mphasa.

Ngati mufuna kukuza bowo, cofunika koposa ndi lintala, ndiye mtanda umene umasenza njerwa za pamwamba. Felemu ya zenera siinapangidwire kusenza khoma. Ikalemedwa imapindika, magalasi nasweka okha. Lintala ikhale ya simenti yokhala ndi zitsulo m'kati kapena ya mtengo wolimba wosadyeka ndi ciswe, ndipo ilowe m'khoma masentimita osacepera 20 mbali zonse ziwiri. Iikidwe njerwa za pansi pace zisanacotsedwe. Pa nyumba ya njerwa zosaocha cenjerani koposa: musaboole pafupi ndi ngodya ya nyumba, ndipo musaike mazenera awiri moyandikana kwambiri, pakuti kakhoma kotsala pakati kadzagwa ndi mvula.

Poimika felemu mmisiri ayese ndi levulo, ndipo mapiko akhale otseka mpaka simenti itauma. Tizitsulo ta m'mbali mwa felemu tilowe ndithu m'khoma. Pansi pa zenera pamangidwe mopendekera kunja kuti madzi asabwerere m'nyumba. Mipata yonse ya pakati pa felemu ndi khoma imatidwe, ngakhale yongolowa kamtengo ka machesi. Magalasi aikidwe potsiriza, pulasitala itatha. A mamilimita 3 akwanira pa timagawo tating'ono, koma pa magawo aakulu funani a mamilimita 4. Powanyamula aimikeni coimirira, muike makatoni pakati pao. Galasi logonekedwa m'galimoto pa mseu wa mabampu silifika.

Kunena za zitsulo zochinga mbala, kumbukirani kuti cochinga mbala kulowa cimachinganso mwini nyumba kutuluka. Moto ukabuka pakhomo, banja lidzathawira kuti? Nyumba iriyonse ikhale ndi khomo laciwiri, kapena zenera limodzi limene zitsulo zace zimatseguka ndi loko wa m'kati, kiyi wace nakhala pamalo podziwika ndi onse.

NDALAMA ZIKACEPA

Si onse angathe kumaliza zonse caka cimodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amagula mafelemu aakulu asanu ndi limodzi, ndalama nizitha, ndipo mafelemuwo amatsekedwa ndi njerwa kuyembekeza magalasi amene sabwera. Mazenera awiri omalizidwa apambana asanu ndi limodzi otsekedwa. Yambirani zipinda zogona, makamaka ca ana ndi ca mai woyembekezera, pakuti ndiwo amene malungo amawagwetsa msanga.

Ndondomeko yabwino nayi. Coyamba felemu ndi zitsulo zace. Caciwiri sefa. Cacitatu kutseka mpata wa pansi pa denga ndi njerwa ndi dothi, ndi kukonza citseko kuti cizitsekeka bwino. Musatseke mpata wa denga musanatsegule mazenera a sefa, cifukwa nyumba idzatentha koposa kale ndipo anthu adzathawira panja. Cacinai kacitseko ka matabwa kapena nsalu yochinga. Galasi ndilo lotsiriza. Nyumba ya sefa yopanda galasi mukhoza kukhalamo zaka ndi mtendere, koma ya galasi yopanda sefa idzakukakamizani kusankha usiku uliwonse pakati pa thukuta ndi malungo.

Sefa, imene m'masitolo amaicha gauze, iripo ya mitundu ingapo. Ya waya wacitsulo njolimba koma imacita dzimbiri. Ya aluminiyamu ndi ya ulusi wokutidwa ndi pulasitiki sizicita dzimbiri, koma yaulusiyo imang'ambika msanga ndi zala za ana. Timabowo tace tisapose milimita imodzi ndi theka. Waya wa khola la nkhuku suchinga udzudzu. Pokhoma, kokani sefa kuti ilimbe ndipo panikizani m'mbali mwace ndi timatabwa, osati misomali yokha. Paja mutu umodzi susenza denga: mabanja angapo, kapena a kalabu ya alimi, akasonkha nagula mpukutu wathunthu ndi kulipira galimoto imodzi, aliyense amapulumutsa ndalama.

KUSAMALA

Kamodzi pa mwezi pukutani sefa ndi nsalu yonyowa, pakuti fumbi ndi utsi zikatseka timabowo mphepo imaleka kulowa. Pakang'ambika sokani tsiku lomwelo kapena matanipo cigamba. Donthezani mafuta pa mahinji, ndipo pakani utoto pa citsulo dzimbiri likangoyamba kuoneka. Mvula yoyamba isanagwe, lowani m'nyumba masana, tsekani citseko, ndipo yang'anani ponse pamene kuwala kukulowera popanda sefa. Pamene palowa kuwala, udzudzu ulowanso.

Zenera la sefa sililanda malo a ukonde. Gonanibe m'maukonde amene a zaumoyo amagawa, landirani opopera mankhwala m'nyumba akafika, ndipo mwana akatentha thupi thamangirani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Koma m'cipinda mmene mukudutsa mphepo ukonde sulemetsa, ndipo anthu amagonamo mokondwa. Pa cipatala ca kwanu pali a zaumoyo oyendera midzi, ndipo kuwafunsa musanaboole khoma sikulipiritsa. Safunsa anadya phula.

Cotero pamene mwaima m'sitolo kapena pa msasa wa mmisiri, ndalama za mpunga ziri m'thumba, musayambe ndi kufunsa kuti lokongola ndi liti. Alendo amaona zenera masana ali panja, koma inu ndi ana anu mudzakhala nalo usiku muli m'kati. Funsani kuti litseguka motani, sefa idzakhala pati, likaonongeka adzakonza ndani, ndipo ngati mungalisiye citsegulire mpaka tambala alire. Limene layankha bwino mafunso amenewa, likhale la mlombwa kapena la citsulo, ndilo lanu.